Usanakwere Minibasi, Utsegule Foni ya Amayi Ako

Tiyamike mwana wanga,

Ndikulemba kalatayi masana ano pakhonde, iwe utapita ku Kabudula kukatsanzika atsibweni ako. Ukudziwa kuti bambo ako pakamwa mpolemera. Zaka zonse zimene ndinkaphunzitsa, mawu ankangotuluka okha ndikagwira choko, koma ndikakhala pansi ndi mwana wanga ndimayamba kufunsa ngati kutauni kukugwa mvula. Akanakhalapo amayi ako, bwenzi atakukhazika pamphasa n'kukulangiza mpaka iwe kuyamba kusinza. Poti anatisiya mwezi wathawu, ntchitoyi yagwera ine, ndipo ndiigwira mmene ndimadziwira, ndi cholembera.

Mawa ukunyamuka ulendo wa ku Nairobi kukaphunzira ntchito yopanga mapulogalamu a m'foni. Anzanga kumpingo akandifunsa kuti ntchito yake ndi yotani, ndimawauza kuti, "Tinthu timene timakuzunzani m'foni tija sitimera tokha, pali anthu amene amakhala pansi n'kupanga. Mwana wanga akukakhala mmodzi wa iwo." Ena amagwira pakamwa, ena amandipepesa. Za amuna, za mowa ndi za kupemphera akuuza atsibweni ako lero, ndipo mmene ndikuwadziwira abwereza mpaka dzuwa kupendeka. Ine ndikulangiza za ntchito yakoyo. Sikuti ndimaidziwa ayi, koma ndine mmodzi mwa anthu amene imawagwera.

Ndiyambe ndi pempho, kuopa kuti ungasunge kalatayi kuti ukawerengere m'ndege. Uwerenge lero lomwe. Loweruka likudzali atsibweni ako akubwera kudzagawa katundu wa amayi ako. Mwambo wake ukuudziwa: nsalu, mapoto, nsapato, zonse amagawa ndi akuchikazi, ine mwamuna ntchito yanga ndi kukhala pampando n'kumagwedeza mutu. Foni ya amayi ako ija anena kale kuti ipita kwa amayi ako aang'ono, a Eneresi. Sindikukana. Koma m'fonimo muli mawu a amayi ako, ndipo akapita nayo ine sindidzawamvanso. Ndinayesa kuwatulutsa ndekha, m'malo mwake ndinawononga zinthu. Ndifika pamenepo, koma undilole ndiyambire tsiku limene foniyo inalowa m'nyumba muno, chifukwa malangizo anga onse ali m'menemo.

Unabwera nayo ndiwe, nthawi yachilimwe, n'kuikonza kuti izitseguka ndi chala cha amayi ako. Masiku amenewo manja awo anali patchuthi, chala chosalala ngati cha kalaliki. Itafika nyengo yokumba mtedza chalacho chinang'ambikang'ambika, foni n'kuyamba kuwakana. Tsiku lina anandipeza ndikuwerenga pakhonde pano.

"Aphunzitsi, foni ya mwana wanuyi ikuti ine sindine ine."

"Mwasamba m'manja?"

"Ndasamba, ndadzola mafuta. Chatsala n'kuvala yunifolomu ya kumpingo kuti mwina indilemekeze."

Ine, pofuna kuonetsa kuti panyumba pano pali mwamuna wophunzira, ndinaikapo chala changa. Inakana. Ndinaikapo china, inakananso. Ndinayesa manja onse awiri mpaka foni inakwiya n'kutilamula kuti tidikire, ngati ana ochedwa kusukulu amene awagwaditsa kunja kwa kalasi. Tinakhala pamenepo anthu akuluakulu awiri kudikira kuti chilango chithe, ndipo nthawi yonseyo a Nangozo a kuseriku anali chiimire pabwalo, akufuna kubwereka foniyo kuti aimbire mwana wawo. Nambala yachinsinsi yotsegulira tinachita kufunsa kwa iwe, ndipo pofika Lamulungu mudzi wonse unali utaidziwa. Ukumbukire, Tiya: kuno foni si ya munthu mmodzi. Ndi ya nyumba yonse, ndi ya oyandikana nawo, nthawi zina ndi ya mlendo wodutsa amene njinga yamuthera mpweya. Ndipo zala zoigwira ndi zala za khasu.

Cholakwa changa china chinali cha phazi. Ndawerenga mabuku ambiri pamoyo wanga, a mbiri yakale, a nyenyezi, ngakhale la kawetedwe ka njuchi pomwe mng'oma ndilibe. Koma palibe buku limene linandiuza kuti timizere titatu tosanjikizana tikutanthauza kuti zina zonse tabisa muno. Anzako opanga zinthuzi amadana ndi mawu. Paliponse ndi tizithunzi: kandege kapepala, kamtambo, timadontho, kabelu. Amayi ako ankadina kamtambo m'mawa uliwonse poganiza kuti kawauza za mvula, osadziwa kuti akutumiza zithunzi za mbuzi zathu kumwamba, bandulo n'kumatha tisanalankhule ndi munthu. Ine ndinawaseka. Sabata yomweyo phazi langa linatupa, ndiye ndinalijambula kuti ndikutumizire uone ngati n'lofunika kuchipatala. Paja nanenso ndinkadalira foni yomweyo, yanga ija ndi ya mabatani. Ndinadina kandege kaja. Foni sinandifunse kanthu, inangotola dzina limene linali pamwamba, ndipo linali gulu la akulu a mpingo. Posakhalitsa mlembi wathu anayankha kuti, "Phazi talilandira, abambo. Likambidwa pamsonkhano wa Lachinayi." Wina anawonjezera kuti zikhadabo nazonso zikufunika mapemphero. Amayi ako anaseka mpaka kukhala pansi m'fumbi. Chonde mwana wanga, pansi pa kachithunzi kalikonse uzilembapo liwu, ndipo ngati n'kotheka likhale la Chichewa. Chinthu chisanachoke m'manja mwa munthu uzimuonetsa kumene chikupita. Ngakhale kondakitala wa minibasi ya ku Msundwe amayamba watchula kumene akupita asanakukankhire mkati.

Nthawi ina kunabwera uthenga woti alimi a mtedza tilembetse pa pulogalamu ina yotiuza za mbewu ndi misika. Ndinakwera pachulu cha kuseri kwa khola, poti netiweki ya kuno inamanga nyumba pamenepo, n'kuyamba kuyankha mafunso. Dzina la amayi ako ndinalemba. Kenako anafuna dzina la msewu ndi nambala ya nyumba. Tiya, nyumba ino unabadwiramo, unaonapo nambala? Ndinalemba zoona zokhazokha: "Kuseri kwa chigayo, mukadutsa mitengo ya mango mufunse kwa aphunzitsi." Foni inafiira, n'kulemba m'Chingerezi kuti ndalakwitsa. Pati? Sinanene. Ndikonze bwanji? Zii. Ndinachonga ntchito za ana zaka zambiri ndi cholembera chofiira, ndipo ndinaona kuti mwana ukangomuthetha osamuonetsa pamene waphonya, mawa amabwera ndi yankho lomwelo, apo ayi sabweranso. Pomaliza ndinalemba kuti timakhala mumsewu wa Mbuzi, nyumba nambala wani, ndipo foni inakondwera. Taona, mkulu wa mpingo wathunthu kuphunzitsidwa bodza ndi kabokosi.

Sizinathere pomwepo. Inati yanditumizira nambala ina yoti ndilembe msangamsanga isanathe mphamvu. Nambalayo ndikuganiza inkayenda wapansi kuchokera ku Lilongwe, n'kuima pa Njewa kugula chimanga chootcha, chifukwa ikamafika nthawi inkakhala itatha kale. Ndikaitanitsa ina, imafika yoyamba ija. Ndinaima pachulupo dzanja lili m'mwamba, magalasi ali pamphuno, mpaka a Nangozo podutsa anafuula kuti, "Aphunzitsi, lero mukulalikira chiswe?" Amene anapanga zimenezi anaziyesa atakhala muofesi, nsanja ya netiweki ikumuyang'ana pazenera. Iwe usadzatero. Chinthu chako usanachitulutse, uzipeza chulu n'kukachiyesera pamenepo, ndi foni yakale, batire itatsala pang'ono kutha, dzuwa likuwomba pagalasi.

Amayi ako Chingerezi chawo chinathera ku pulaimale, ndipo maso anali atayamba kuchita chifunga. Choncho foni anaiphunzira mmene munthu amadziwira khitchini yake mumdima: mchere uli apa, machesi ali apo. Batani loimbira kumanzere, dzina lako lachiwiri kuchokera pamwamba. Tsiku lina foni inandipempha chilolezo choti idzikonze yokha ikhale yatsopano. Ine ndimakonda chitukuko, ndinavomera. Itamaliza, zonse zinali zitasamuka. Amayi ako pofuna kuimbira iwe anaimbira bambo wina wogula mtedza wa ku Mpingu, ndipo osadikira moni anayamba kumufunsa ngati akudya mokwanira, ndiponso ngati bulangete lija akufunda. Munthuyo anayankha mwaulemu kuti akuyesetsa. Atadula, amayi ako anandiyang'ana.

"Aphunzitsi, ndani walowa m'khitchini mwanga?"

"Akonza eni ake, kuti zizioneka bwino."

"Anandifunsa ine? Mundifufuzire kumene amakhala, ndikawasunthire bedi ali m'tulo."

Ukumbukirenso zimenezi, mwana wanga. Usamasunthe zinthu pongofuna kuonetsa abwana ako kuti mwezi uno wagwira ntchito. Pali munthu kwinakwake amene anavutika kuti aloweze pamene batani lili, ndipo alibe wina womufunsa kupatula mwamuna wake, amene nayenso sadziwa koma savomera.

Koma ndisangodandaula. Chinthu chimodzi anzakowo anachipanga bwino, ndicho uthenga wa mawu. Udina, ulankhula, usiya, wapita. Amayi ako atachidziwa chimenechi sanalembenso chilembo n'chimodzi chomwe. Ankatumiza kwa iwe, kwa amayi anzawo a kumpingo, kwa aliyense amene nambala yake inali m'menemo. Atagonekedwa m'chipatala, manja atafooka, batani lokhalo ndilo ankalithabe. Amene analiganiza Mulungu amudalitse. Ukafuna chitsanzo cha ntchito yabwino, usapite kutali: chinthu chimene mayi wodwala angachithe ndi chala chimodzi, osaitana namwino.

Pali kenanso kamene ndinakaona maliro atatha. Foni ikakhala osagwidwa, mapulogalamu aja amayamba kuitana mwini wake. Ija ya mtedza inkalira nthawi ndi nthawi, ngakhale abusa atabwera kudzapepesa inalira pakati pa pemphero. Nditayang'ana, inali italemba dzina la amayi ako, n'kunena kuti yawasowa, abwerere adzaone zatsopano. Ndinaiyankha mokweza kuti, "Mukawapeza mutiuzeko nafenso." Abusa anangoti ameni. Usamaitane anthu ngati wogulitsa kaunjika, Tiya. Munthu akasiya kubwera, pali chifukwa, ndipo iwe sukuchidziwa.

Tsopano ndafika pa chachikulu chija. Anthu atabalalika, ndinkatsegula foniyo m'mawa ndikamamwa tiyi, n'kumvera mauthenga a mawu aja pang'onopang'ono. Ambiri analibe nkhani: kufunsa za anapiye, kukumbutsa mayi wina kuti abweze beseni. Koma tiyi ankatsika. Ndinkadziwa kuti kwina kulibe, poti amene ankakutumizira iwe anapita ndi foni yako imene anakubera m'basi, ndipo amayi a kumpingo mafoni awo amadzaza msanga, anafufuta kalekale. Nditamva zoti foni ipita kwa a Eneresi, ndinagula memori khadi kuti ndisamutsiremo mawuwo, ndizimvera pawailesi yanga. Iwe unali kutauni kuthamangitsa mapepala a ulendo, sindinafune kukusokoneza. Ndili mkati mofufuza, foni inatulutsa uthenga woti yadzaza, ndipo ikhoza kundithandiza kusesa zinyalala. Panali chithunzi cha tsache ndi batani lalikulu lobiriwira, lokongola, lochita kukukodola. Lokanira linali kamawu kotuwa pansi penipeni, kochepa ngati nyerere. Ndinakaona zinthu zitachitika kale. Sinanene kuti zinyalalazo ndi ziti. Ine ndinaganiza za zithunzi za mbuzi zija. Ndinadina. Foni inasesa, kenako inandiyamikira. Inatulutsa tinyenyezi ndi kankhope komwetulira, n'kulemba kuti ndachita bwino kwambiri. Nditabwerera ku mauthenga aja, mayina onse anali pomwepo, koma ukadina, chete.

Ndinapalasa njinga mpaka pa Nsaru kwa a Saidi, aja amagulitsa machaja ndi kukonza mafoni pafupi ndi msika. Anaitembenuza, anadina uku ndi uku, kenako anavula chipewa n'kukanda m'mutu.

"Aphunzitsi, munadina tsache, eti?"

"Ndinadina."

"Aaa, pepani bambo. Tsache limenelo silibweza. Ine linandisesera zithunzi zonse za ukwati. Mpaka lero akazi anga amati ndinachita dala."

"Nanga zinyalalazo zimakatayidwa kuti? Mundilozere dzala lake ndikafukule."

"Dzala kulibe, aphunzitsi. Zimangosanduka mphepo."

Ananditulutsira mpando ndi chakumwa chozizira, ndipo anayamba kukamba za mpira kuti ndipeze mpata woyang'ana kumbali. Apa ndiye umvetsetse, Tiya, ngakhale utaiwala zina zonsezi. Batani lotayira zinthu lisamakongole kuposa lokanira. Lizitchula dzina la chimene likufuna kutaya, munthu achione ndi maso. Ndipo uzisiya dzala, zinthu zizigonamo kaye masiku angapo. Panyumba pano supuni zathu takhala tikuzitola kudzala kangati? Foni imadziwa kuyeza kukula kwa chinthu, koma siidziwa kuti mwini mawuwo anaikidwa m'manda.

Dzulo m'mawa ndinkaipukuta kuti a Eneresi adzailandire yoyera. Chala changa chachikulu chinakhudza penapake m'mphepete, ndipo ndinangomva nkhuku ikulira m'manja mwanga, kenako amayi ako: "Shi! Choka apa iwe, udyedwa Khirisimasi isanafike!" Ndinatsala pang'ono kuiponya pansi. Zikuoneka kuti muli kapulogalamu kena kojambulira mawu kamene tsache silinakafike, ndipo batani lake analiika pamene chala chimagwira munthu akamanyamula foni. Amayi ako anadzijambula osadziwa, tsiku lina asanadwale, akuswa mtedza pabwalo ndi a Nangozo.

Ndi nkhani yaitali, ndipo ine ndilimo. Akuti, "Abambo a kunyumba kunowa, nyumba itati ipse, angayambe apinda kaye tsamba kuti asataye pamene alekezera." A Nangozo akuseka. Kenako nkhani ikufika pa iwe. A Nangozo akufunsa kuti kodi mwana wanu uja akwatiwa liti, iwo akuti, "Musiyeni, ayambe watikonzera mafoniwa. Amuna sangathe, ali mbwee ngati anapiye." Ndiye pali chigawo cha a Eneresi, ndipo apa mpamene pakuvuta. Amayi ako akufotokoza kaimbidwe ka mng'ono wawo m'kwaya. Sakungofotokoza, akuyerekeza ndithu, vesi yathunthu, ndi kunjenjemeretsa mawu kuja, mpaka galu wa a Nangozo akuyamba kuuwa. A Eneresi akadzamva zimenezi, pomanga chiliza sitidzawaona.

Chakumapeto amayi ako akuona kuti foni ikuthwanima. "Iii, kodi chofiirachi n'chiyani? Aphunzitsi! Aphunzitsi, tabwerani mudzaone chinthu chanuchi!" Ndiye chapatali, m'nyumba, mukumveka mawu a munthu wina amene ndikumudziwa, akuti, "Ndikubwera, nditsirize kaye tsambali." Amayi ako akuti, "Mwamva?" Awiriwo akuseka, ndipo zathera pomwepo.

Ndamvera kamodzi kokha, sindinayerekezenso kuigwira. Ndaikulunga m'mpango wawo, ili m'kabati kumbuyo kwa makapu a alendo, memori khadi ili pambali pake. Mawa usanatenge chikwama ukhale pansi usamutse mawuwo, akhale m'foni mwako ndi pakhadipo. Tiyesere pawailesi ine ndili pomwepo, ndimve ndi makutu anga. Ukatero ufufute m'foni mwa amayi akomo ndi dzanja lako, chifukwa cha a Eneresi. Ine ndiima patali, manja ali kumbuyo. Minibasi ikakusiya ibwera ina, ndege yako ndi ya madzulo. Iweyo usamvere zonse panjira. Ukamvere ukafika, utatseka chitseko, utadya kaye.

Kumene ukupitako akakuphunzitsa kuti batani lojambula munthu iye osadziwa ndi cholakwa, ndipo akanena zoona. Ndi cholakwa chachikulu, iwe usadzapange chotero. Anthu amakamba zambiri poswa mtedza, ndipo si onse amene nkhani yawo imathera pa kwaya. Koma anthu a ntchito imodzi amakumana. Ukadzamupeza amene analiika pamenepo, umudzudzule monga mwa ntchito, usamunyengerere. Akamaliza kupepesa umugulire tiyi, umuuze kuti kwa Nsaru kuli mphunzitsi wina wopuma amene akupereka moni.

Uyende bwino mwana wanga, juzi ikhale pamwamba m'chikwama.

Ndine bambo ako.